Kamsomali ka Apongozi

Tiyanjane ankaopa matayala, ndipo sankachita nazo manyazi. Ena amaopa njoka, ena ndege, iye ankaopa zakuda zozungulira zimene zimanyamula galimoto. Mantha amenewa anawatola kuntchito. Anali namwino pa chipatala china ku Brampton, m'dziko la Canada, ndipo chaka chake choyamba anasamalira bambo wina amene tayala la thiraki linamuphulikira atagwada pambali pake. Bamboyo anachira, koma nkhope imene anatuluka nayo m'chipatala si imene mkazi wake ankaidziwa.

Ndiye tsiku limene mwamuna wake Fabian anabwera ndi chigalimoto cha nyumba m'kati, zija zokhala ndi bedi, khitchini ndi chimbudzi, zimene anthu a kuno amapita nazo kutchire kukagona dala ngati kwawo kulibe denga, Tiyanjane sanafunse za makatani kapena firiji. Anachizungulira n'kuwerenga matayala: awiri kutsogolo, anayi kumbuyo, awiriawiri mbali iliyonse, pakati pawo kampata kongolowa chikhatho. Chinali chogula kwa mwini wake, ndipo chinali chitadya zaka khumi ndi zinayi pamsewu.

Sabata yathunthu inatha Tiyanjane akusankha kachipangizo koyang'anira mpweya wa m'matayala. Fabian ankamunena kuti ngakhale posankha mwamuna sanavutike chonchi. Masensa ake, oyeza mpweyawo, alipo a mitundu iwiri. Ena amaikidwa m'kati mwa tayala, mpaka upite kugalaja akavule matayala onse. Ena amangomangidwa pavalavu, popopera mpweya paja, ngati kachivundikiro ka botolo. Iye anasankha apavalavu, okhala ndi kabowo koti uzipopera mpweya osawamasula, poganiza kuti zizikhala zophweka. Anaonetsetsanso kuti aziyeza kutentha, osati mpweya wokha. Tayala lililonse linali ndi sensa yake, ndipo onse ankatumiza manambala ku kamonita kakang'ono ngati foni kamene anakamata pafupi ndi chiwongolero. Malamulo ake anawaloweza monga amalowezera mlingo wa mankhwala. Mpweya uyezedwe m'mawa galimoto isanayende. Matayala akumbuyo akhale pa 80. Akatentha pamsewu nambala imakwera, ndipo limenelo si vuto. Tayala lotentha saliphwetsa.

Kumapeto kwa June kunafika apongozi ake kuchokera ku Ntcheu, a Nkhoma ndi akazi awo a Najere, kudzaona mdzukulu wawo Joan. A Nkhoma anayendetsa mabasi zaka makumi atatu ndi chimodzi pakati pa Blantyre ndi Lilongwe, osagwetsapo basi ngakhale kamodzi, ndipo munthu sankatha nawo ola limodzi asanamve zimenezi. Anali munthu wabwino, woseka ndi ana, wosaiwala kuthokoza akadya. Koma nkhani ikakhala ya galimoto, makutu awo ankangokongoletsa mutu basi.

Tiyanjane analeredwa m'banja loopa apongozi. Zaka khumi ndi chimodzi ali pabanja, anali asanawayang'anepo a Nkhoma kumaso, asanawapatsirepo chinthu m'manja, asanawakhudzepo ngakhale malaya. Mawu ake opita kwa iwo ankadzera mwa Fabian kapena mwa a Najere, ndipo awo obwera kwa iye ankadzera njira yomweyo. Kumudzi zimenezi sizivuta, bwalo ndi lalikulu. M'kanyumba ka ku Brampton, ka masitepe opapatiza, inali ntchito ndithu: wina akamva mapazi a mnzake ankabwerera m'chipinda n'kudikira. Joan ankaona ngati ndi masewero a chibisalirano. Koma kwa Tiyanjane sunali mtolo. Unali ulemu, ndipo ankanyadira kuti Canada sanamulande umenewo.

Ulendo unali wa Lachisanu. Amalawi ndi anzawo a ku Zambia okhala m'dera la Toronto anakonza zokagona masiku awiri kumalo ena amitengo kumpoto, kupitirira mzinda wa Barrie. Popeza a kwa Fabian ndiwo anali ndi chigalimoto, katundu wa gulu lonse anathera mmenemo: matumba a makala, mipando yopinda, makreti a zakumwa, mabokosi a nyama ndi ayezi, kuphatikizapo thanki ya madzi yodzaza mpaka pakamwa. M'mawa wa tsikulo Fabian anaitanidwa kuntchito, kunyumba yosungiramo katundu kumene anali kapitawo. Anati atsatira madzulo pagalimoto yaing'ono pamodzi ndi Joan. Pamalo awo ogona ankafunika kufikapo isanakwane folo koloko, choncho woyendetsa anatsala mmodzi, Tiyanjane.

Anayeza matayala dzuwa lisanakwere. Akumbuyo onse anali pa 80, ndipo mtima wake unakhala m'malo.

A Nkhoma anakhala kutsogolo, pakuti dalaivala woyendetsa mabasi zaka makumi atatu sungamuike kumbuyo ndi makala. Anakhala mopendekera kuwindo kuti mpata wa pakati pa iwo ndi mpongozi wawo ukuleko. A Najere anakhala pampando wa pafupi ndi tebulo, kumbuyo kwa onse awiri, ndipo ntchito yawo pa ulendowu anaidziwa popanda wowauza.

Kunali kutentha kuja kwa July, kumene phula limanyezimira ngati lanyowa. Atalowa mumsewu waukulu wa 400 n'kudutsa mzinda wa Vaughan, manambala a pa kamonita anayamba kukwera pang'onopang'ono: 84, 88, 91. A Nkhoma anatulutsa magalasi m'thumba, n'kuweramira kutsogolo.

"A Najere," anatero, "afunseni amake Joan, manambala akukwerawa ndi a chiyani?"

A Najere anabwereza funsolo, ngakhale kuti wofunsidwayo anali pafupi kuposa iwo.

"Muwauze kuti ndi mpweya wa m'matayala, amayi," anayankha Tiyanjane maso ali pamsewu. "Akatentha umakwera. Ndi mmene zimakhalira, palibe choopsa."

"Akuti ndi mpweya wa m'matayala," anatero a Najere. Mawu enawo anagwera m'njira.

A Nkhoma anagwedeza mutu pang'onopang'ono, ngati munthu amene wakumana ndi mdani wake wakale kudziko lachilendo. "Mm. Ku Zalewa mwezi wa October zimatero ndithu."

Cha m'ma leveni anaima pamalo opumulira a m'mbali mwa msewu. Tiyanjane anaperekeza a Najere kuchimbudzi, chifukwa mipopi yotuluka madzi yokha inali isanawazolowere. Mzere unali wautali. Atachoka kumeneko anaimanso pamzere wina wogula tiyi. Zonse pamodzi zinatenga mphindi makumi awiri ndi zisanu.

Pobwerera anapeza a Nkhoma ataima pamthunzi wa chigalimotocho, akupukuta manja ndi kampango, nkhope ili yowala. Pambali pawo panali banja lina la gulu lomwelo, limene linaimanso pamalopo, ndipo mkuluyo anali akulifotokozera zinthu manja ali m'mwamba. Tiyanjane anapereka moni mopinda maondo n'kupita kukatsekula chitseko chake. Atangotsekula, anamva kamonita kakulira. Kanali kakuphethira kuwala kofiira, ndipo manambala anayi akumbuyo anali 66, 64, 67 ndi 61.

"A Najere, auzeni asadandaule, ndawathandiza," anatero a Nkhoma. "Matayalawa anakhuta kwambiri. Ndawaphwetsako onse anayi, ndipo ndawagogoda ndi sipanala, akulira bwino tsopano." Anatulutsa kamsomali m'thumba la malaya n'kukaonetsa kwa alendowo. Kanali kosalala chifukwa cha zala, kamene anayenda nako zaka zonse za pabasi. "Tizipangizo tawoti n'tabwino. Tili ndi kabowo, sindinavutike n'komwe."

Alendowo anaseka mokondwa n'kunena kuti madalaivala akale ndiwo ankadziwa galimoto.

Tiyanjane anapita kumbuyo ngati akukaona katundu, n'kuwerama. Matayala anali ataphwatalala pansi. Kampata kaja ka pakati pa awiriwo, kolowa chikhatho, tsopano ngakhale chala sichikanalowa. Anawerengera mumtima: ngati tayala likuonetsa 61 lili lotentha chonchi, ndiye kuti likazizira lili m'ma fifite. Ndi makala onse aja, madzi onse aja. Tayala lochepa mpweya limapindika likamazungulira, likapindika limatentha, ndipo awiri ogundizana akayamba kukhulana moto wake umakhala wa pawiri. Zimenezi ankazidziwa bwino lomwe.

Popopera mpweya panali pomwepo, pamalo omwetsera mafuta, mtunda woti ukhoza kuponyapo mwala. Chofunika chinali kungosuntha galimoto, kugwada, n'kupopa. Mphindi khumi basi. Koma a Nkhoma akanaima n'kumaonerera mpongozi wawo akufafaniza ntchito ya manja awo, pamaso pa anthu amene angowayamikira kumene. Nkhaniyo ikanafika kumalo ogona iwo asanafike. Tiyanjane anabisala kuseri kwa chigalimotocho n'kuimbira mwamuna wake.

"Fabian, adadi aphwetsa matayala."

"Aphwetsa bwanji?"

"Ndi msomali. Onse akumbuyo. Ali m'ma sixty."

"Ndiye just pump them back."

"Pamaso pawo? Anthu akuona? Aimbireni inuyo muwauze."

Kumbali inayo kunkangomveka makina onyamulira katundu akubwerera m'mbuyo.

"Tiya, ndiwauza kuti chiyani? Kuti thirty years yonse ija ankalakwitsa?" Fabian anatsitsa mawu ngati bambo akewo ali naye pafupi. "Ingodraivani slowly. Mukafika pa exit ina muimenso, munene kuti mukufuna gas, mupope iwo ali ku washroom. I have to go, thiraki yafika."

Mwamuna wolamulira anthu makumi anayi kuntchito, koma kwa bambo ake anali adakali mwana wa kabudula. Tiyanjane anapsa mtima, kenako anazindikira kuti akumupsera mtima pa chinthu chimene iyenso walephera. Anakwera m'galimoto, n'kudina batani lozimitsira kulira kwa kamonita. Apa ndi pamene analakwa, ndipo ankadziwa kuti akulakwa. Kuchipatala namwino wozimitsa alamu chifukwa ikusokosa sachedwa kuuzidwa kuti alongedze.

Anabwerera mumsewu. Anakhala kumanja kwenikweni, kumene kumayenda oyenda pang'onopang'ono, n'kugwira liwiro la 80. Chiwongolero chinali chitasintha. Poyamba chinkamumvera, tsopano chinkayankha mochedwa, ndipo kumbuyo kunkagwedezeka ngati kuli ndi maganizo akeake. Thiraki iliyonse ikamawadutsa, mphepo yake inkakankha chigalimoto chonse, makreti n'kumalira kumbuyoko. Chikwangwani chinati potulukira pena pali pa makilomita khumi ndi imodzi. Tiyanjane anayamba kuwawerenga mmodzimmodzi.

Maso ake ankathamanga pakati pa msewu ndi kamonita. Matayala atatu ankatentha, koma pang'onopang'ono. Lachinayi, lam'kati la kumanja, lija linali pa 61, ndilo linali ndi changu. Kutentha kwake kunali madigiri 52 ponyamuka. Posakhalitsa kunafika pa 58, kenako 63.

"Mwangoti zii, amake Joan," anatero a Najere. "Mwatopa?"

"Ayi, amayi. Ndikungoona msewu."

Atatsala makilomita awiri kuti afike potulukira paja, anayamba kuona migolo yofiirira itandandalika m'mbali. Kenako chikwangwani chachikulu chowala: potulukira patsekedwa, akukonza msewu. Tiyanjane anachiwerenga kawiri, ngati kuti chisintha. Mizere itatu inasanduka iwiri, yopapatiza, ndipo mbali zonse ziwiri kunabwera makoma a konkire ofika m'chiuno. Malo oimapo pambali panalibe. Chikwangwani china chinati zikhala choncho kwa makilomita asanu ndi anayi.

Atayang'ana pagalasi la pambali anaona thiraki yaikulu ili kumbuyo kwake, pafupi moti sankatha kuona dalaivala wake, ankangoona zitsulo za kutsogolo kwake basi. Akati achepetse liwiro, thirakiyo inkamuyandikira. Akati awonjezere, tayala linkatentha.

Pa madigiri 70 kamonita kanayambanso kulira. Ulendo uno kulira kwake kunali kwina, kofulumira, kosapumira. Nambala ya mpweya wa tayala lija nayonso inali ikukwera: 70, 74, 77.

A Nkhoma anavalanso magalasi. "Mwaona? Lakhutanso. Sindinachotse wokwanira. A Najere, auzeni akapeza poima aime, ndikaliphwetsenso."

Tiyanjane analankhula pang'onopang'ono, mawu alionse payekhapayekha, monga amachitira pofotokozera achibale a wodwala.

"Amayi, muwauze kuti tayalalo likutentha chifukwa mpweya wachepa. Likachepa mpweya limapindika, likapindika limatentha, likatentha limaphulika. Lisaphwetsedwenso. Chonde, muwauze momwemo."

A Najere anamva zonse, ndipo nkhope yawo inasintha. Koma anali atakhala ndi a Nkhoma zaka makumi anayi ndi zisanu ndi chimodzi, ndipo pa zaka zonsezo anali asanawapatsirepo mawu osasenda. Anakonza kukhosi.

"Akuti mwina tingolisiya kaye lipume."

"Lipuma ndikalichotsa mpweya," anatero a Nkhoma mofatsa. "Asaope. Zimenezi ndazichita kambirimbiri."

Tiyanjane anafuna kukuwa. Munthuyo anali pomwepa, kungotambasula dzanja. Mawu anali pakamwa, okonzeka kale, koma lilime linakana. Zaka khumi ndi chimodzi zophunzitsa pakamwa kukhala chete sizitha pa kilomita imodzi. M'malo mwake anayamba kuona zinthu m'maganizo: tayala likuphulika, chigalimoto chikupendekera kukhoma, thiraki ija ikulowa kumbuyo kumene a Najere akhala. Anaona Fabian ndi Joan akudutsa pamalo pomwepa madzulo, akudabwa kuti magalimoto achulukiranji.

Madigiri 79. Madigiri 84. Fungo linayamba kulowa, la mphira wopserera, lija limamveka ana akawotcha tayala pachidzala.

"Kukununkha," anatero a Najere ndi mawu aang'ono. Iwo anayamba kupemphera chapansipansi.

Tiyanjane anayatsa nyali zophethira za ngozi n'kuchepetsa liwiro mpaka 60. Wa thiraki anaimba hutala, yaitali, yomveka mpaka m'mano. Iye sanayang'anenso pagalasi. Anangoyang'ana khoma la konkire la kumanja kwake, akulipempha mumtima kuti lithe. Linapitirira, n'kukhota ndi msewu, n'kupitirirabe. Kumbuyo kunayamba kumveka kugunda, du, du, du, kotsatana ndi kuzungulira kwa tayala.

Khomalo linatha mwadzidzidzi. Kumanja kunaoneka malo amiyala ing'onoing'ono, ndipo kuseri kwake kunali ngalande yaudzu. Tiyanjane anakhotetsa mosamala, osaponda buleki mwamphamvu, mpaka chigalimoto chinaima. Thiraki ija inadutsa ndi mphepo yake. Anazimitsa injini.

Anayang'ana kamonita. Madigiri 96. Mpweya 89. Ali chiyang'anire, nambalayo inasintha n'kukhala 91, kenako 93. Galimoto inali itaima, koma mpweya unkakwerabe. Tayala loima limayenera kuyamba kuzizira. Ili silinkazizira, ndiye kuti m'kati mwake munali mukupsa.

Anamva chitseko chikutsekuka.

A Nkhoma anali atamasula kale lamba. Anatsika bwinobwino, mwendo umodzi kenako unawo, monga amatsikira munthu wa zaka makumi asanu ndi awiri, dzanja lili kuthumba la malaya. Mbali imene anatsikirayo ndi imene kunali tayala lija.

"Amayi, aitaneni," anatero Tiyanjane. "Aitaneni abwerere. Asapite kumeneko."

"A Nkhoma," anaitana a Najere, "akuti tabwerani kaye."

Mawuwo anali aulemu, ofewa, ndipo phokoso la magalimoto linawameza asanafike ngakhale pachitseko. Pagalasi la kumanja Tiyanjane anawaona a Nkhoma akuyenda m'mbali mwa chigalimotocho, osafulumira, kamsomali kakunyezimira pakati pa zala. Anawaona akuima pa matayala akumbuyo. Anawaona akukweza buluku pang'ono m'maondo, monga amachitira munthu wokonda zovala zake akafuna kugwada. Valavu ya tayala lam'kati sifikirika uli chiimire. Umayenera kugwada, kulowetsa dzanja, nkhope n'kuiyandikizitsa.

Tiyanjane sanadziwe nthawi imene anamasula lamba. Chitseko chake chinali kumbali ya magalimoto othamanga, choncho anadumpha pampando wa apongozi ake, umene unali udakali wofunda, n'kutsikira pachitseko chawo. Nsapato imodzi inatsala pomwepo. Miyala inamulasa kuphazi koma sanaimve.

"Bambo!"

Aka kanali koyamba kuwaitana. A Nkhoma anacheuka ali chogwada, modabwa, ndipo kwa kanthawi anamuyang'ana kumaso. Kenako, mwina poganiza kuti mpongozi wawo wangosokonezeka ndi mantha, anamwetulira momulimbitsa mtima n'kubwerera ku ntchito yawo. Analowetsa dzanja.

Tiyanjane atayandikira anamva kutentha kumaso ngati watsekula uvuni. Pakati pa matayala awiriwo pankatuluka kautsi kopyapyala. Ndipo panali kaphokoso kena, kakang'ono, the, the, the, ngati ulusi ukuduka umodziumodzi. Anadziwa kuti ndi mawaya a m'kati mwa tayala.

Anafika kumbuyo kwawo, n'kulowetsa manja ake onse awiri m'khwapa mwawo, n'kuwalumikiza pachifuwa, monga amanyamulira odwala ogwa pabedi. Anakoka ndi mphamvu zake zonse. Anadabwa kuti munthu wamkulu chonchi m'maganizo mwake anali wopepuka chotero.

"Iwe, n'chiyani?" anakuwa a Nkhoma, akuphiriphitha. Chigongono chawo chinamumenya pamlomo. Iye sanawasiye. Anawakoka chafutambuyo, zidendene zawo zikukhwekhwereza miyala, sitepe imodzi, ziwiri, zisanu, mpaka phazi lake linaponda pamalere. Onse awiri anagwera m'ngalande chagada, iye pansi, iwo pamwamba pake.

"Mwano wanji umenewu," anayamba a Nkhoma, mpweya uli wefuwefu. "Mwana wa eni ake kundigwira ine ngati..."

Tayala linaphulika.

Tiyanjane sanalimve ndi makutu okha, analimva m'chifuwa ndi m'mafupa. Chigalimoto chonse chinadumpha n'kukhalira mbali imodzi. Miyala ndi zidutswa za mphira zinadutsa pamwamba pawo zikulira, zina n'kumagwera muudzu kutali. Kenako kunabwera fumbi lakuda, lotentha, lonunkha, ndipo m'makutu munangotsala kulira kumodzi kosalekeza.

Fumbilo litayamba kutha, anadzutsa mutu. Chitsulo cha m'mbali mwa galimoto, pamwamba pa matayala, chinali chitang'ambika n'kupindikira kunja ngati chitini chotsekula ndi mpeni. Pamalo pamene a Nkhoma anagwada panalibenso miyala, panali dothi lokhalokha, losesedwa. Magalasi awo anali pomwepo, opanda diso limodzi. Pachitseko a Najere anali atagwira chitsulo, pakamwa pali yasa. Ankaoneka kuti akulira, koma Tiyanjane sankamva mawu awo.

Apa ndi pamene anazindikira mmene analili. Anali chigonere muudzu, siketi itakwera, msana wa apongozi ake uli pachifuwa pake, manja ake atawakumbatira, tsaya lake litagunda khutu lawo. Ankamva fungo la sopo wawo ndi thukuta lawo. Mantha anali asanathe n'komwe pamene manyazi anafika, aakulu, otentha kuposa fumbi lija. Anaganiza za amayi ake, zimene akananena akanamuona chonchi.

"Pepani, bambo," ananong'ona. Mlomo wake unali ukutuluka magazi. "Pepani kwambiri. Mundikhululukire."

Anayamba kumasula zala kuti awasiye.

A Nkhoma anamugwira m'mikono. Anamugwira ndi manja onse awiri, mwamphamvu mpaka kuwawa, n'kubweza manja akewo pachifuwa pawo pomwe analiri. Maso awo anali pa dothi losesedwa lija, ndipo sanawachotsepo. Atalankhula, mawu awo anali aang'ono, a munthu wokalamba amene ali kutali ndi kwawo, ndipo sanadzere mwa wina aliyense.

"Musandisiye kaye, mwanangu. Miyendo yakana."

Tiyanjane sanawasiye. Pamwamba pawo magalimoto ankadutsabe, ena akuchepetsa liwiro kuti aone. Pansi pa chikhatho chake mtima wa apongozi ake unkagunda mothamanga, mosalongosoka, koma unkagunda. Anaumvetsera, n'kuyamba kulira.